Kapepala Kachikasu ka Lachinayi

Lolemba, 22 Okutobala 1984

Kope ili ndi la kuntchito, lolembamo usipa wodutsa pa sikelo ya depoti. Masamba a kumbuyowa ndi anga. Mkazi wanga Nankhoma satsegula makope a kuntchito, amati amanunkha.

Miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Ndimafuna kulemba kuti tambala wasiya kulira, koma m'dziko muno munthu wolemba zoti tambala wafooka amakwezedwa galimoto yopita kokha. Ndilembe mosazungulira: ntchito ya kumphasa yandikanika. Mtima ukufuna, mutu ukufuna, mwini ntchito ali pa tchuthi ndipo sananene tsiku lobwerera.

Nankhoma wapirira miyezi inayi ali chete, iwiri akuusa moyo, wachisanu ndi chiwiriwu wapita kwa atsibweni ake, a Kachiwaya. Wangowauza kuti m'nyumba mwazizira. Uthenga wafika m'mawa uno: ankhoswe akumana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Zimene ndili nazo pamudzi pano:
nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, yomanga ine, pa dothi la kwawo;
ana awiri, Dalitso ndi Esinati, a mtundu wa kwawo;
mbuzi zitatu;
njinga;
satifiketi ya Fomu 4, m'galasi, pakhoma.

Mkamwini akaperekezedwa amanyamula zokwana pa kaliyala wa njinga. Malata sakwana pa kaliyala. Ana sakwana. Kwathu ku Chitala ndikafika ndi satifiketi ndi pampu ya njinga, zaka makumi anayi ndi chimodzi, anthu onse akudziwa chifukwa chake.

Zimene ndayesa kale:
gondolosi wa a Jafali, ogula nsomba aja. Ndatafuna masabata atatu. Nsagwada zalimba, kwina ayi;
chinangwa chachiwisi ndi mtedza, mpaka m'mimba kulira ngati injini ya boti;
sing'anga wa ku Maganga, amene akuti wina anandimanga pa mfundo ya ukonde. Ukonde uti? Nyanja yonseyi ndi maukonde!
pemphero, koma mosatchula vutolo dzina. Mwina pempholo linasochera.

Pulani ndi iyi. Munthu wa Fomu 4 amapita kuchipatala. Akuti kuli chipinda choona za abambo. Ndikalandire mankhwala, koma koposa mankhwala ndikatenge pepala lonena kuti ndi matenda ndipo akuchizidwa. Pepala la chidindo. A Kachiwaya ndi wapampando wa chipani pa nthambi yathu, ndipo palibe chimene amachilemekeza padziko lino kuposa chidindo cha boma. Lamulungu ndidzangoliika pampando, n'kukhala phee.

Masiku asanu ndi limodzi. Okwana.

Lachiwiri, 23 Okutobala

Kuntchito ndanena kuti ndi malungo. Abwana: "Malungo anu amadziwa kusankha tsiku limene usipa wachuluka."

Njinga, maola awiri kukwera mtunda, dzuwa likuswa mtengo. Ndaima pa mijigo itatu. Ludzu limeneli silikundichoka masiku ano. Ndikumwa ngati ng'ombe, kutayanso ngati ng'ombe.

Pageti la chipatala pali chingwe ndi anyamata atatu a malaya ofiira. "Khadi la chipani, bambo."

Khadi lili m'thumba la kumbuyo. Buluku ameneyu Nankhoma anachapa Loweruka. Chatuluka ndi chinthu chonga nkhoko. Dzina langa lapita, nambala yapita, ndipo pa chithunzi chija sititchula mwachisawawa patsala khutu limodzi.

"Wachita zimenezi ndani?"

Ndikati mkazi wanga, Lamulungu milandu ikhala iwiri. Ndati ndinagwera nalo m'madzi populumutsa sikelo ya kampani. Wamkulu wawo wandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye munapulumutsa sikelo, khadi n'kulisiya limire."

Makhadi atsopano atha, wogulitsa wapita kukatenga ku boma. Poyembekeza, ndowa ya laimu ndi kachitsache. Miyala ya m'mbali mwa msewu iyere, mwezi wamawa kukubwera mlendo wamkulu. Tili anayi: ine, mkulu wina wa phazi lotupa, mnyamata wa dzino, ndi mayi woyembekezera amene ali ndi khadi limodzi pamene anyamatawo akuwerenga anthu awiri.

Wogulitsa makhadi sanabwere. Folo koloko chingwe achikulunga, chipatala chatseka. Khomo lake ndaliona ndithu. Ndi lobiriwira.

Kunyumba Nankhoma wayang'ana buluku. "Malungo a chaka chino akumapaka laimu?"

Ndati ndi ntchito ya chitukuko. Kenako ndakweza mawu, poti munthu wolephera zina amayenera kukweza mawu pa zina: kuyambira lero azipisa m'matumba asanachape chovala changa chilichonse. M'matumba onse! Wati wamva.

Tiyi wabwera monga mwa masiku onse, shuga masupuni atatu. Mkazi ameneyu angakwiye bwanji, shuga sachepetsa. Zaka khumi ndi zinayi.

Masiku asanu.

Lachitatu, 24 Okutobala

Khadi latsopano ndagula m'mawa kwa a Kachiwaya eniake, pakhonde pawo. Alemba dzina langa pang'onopang'ono, lilime lili panja. Asanadinde amapumira kaye pa chidindo, maso otseka, ngati akupempherera chakudya. "Akamwini, Lamulungu musachedwe. Nkhani yake ndi yolemera."

Pageti ndadutsa. Miyala yanga ikuwala bwino.

Mzere wa pazenera lolembetsera. Kalaliki wake ali kuseri kwa waya, ndipo kaya samva, kaya amafuna tonse timve. Funso lake ndi limodzi, lokuwa: "MUKUDWALA CHIYANI?" Mayankho akubweranso mokuwa. Kutsegula m'mimba! Chifuwa! Mwana wameza ndalama! Pofika leveni koloko ndikudziwa za m'mimba mwa theka la boma lino.

Mawu anga ndawakonza panjira: kufooka kwa mphamvu za m'banja. Aulemu, achidule. Ndawabwereza pa njinga mpaka akutuluka okha.

Kwatsala anthu awiri. Ndacheuka. Kumbuyo kwanga kwenikweni kuli Mayi Chisale a gulu la amayi kutchalitchi kwathu, duku loyera, khutu lili panja pa duku. Nkhani ikalowa mwa Mayi Chisale siigonamo.

"A bambo a Dalitso, mwatani kodi?"

"MUKUDWALA CHIYANI?"

"Mutu."

Maola atatu pamzere, asipirini m'kapepala kopinda. Mayi Chisale akuti andipempherera. Mutu tsopano ukuwawadi.

Kuseri, pa mpopi, ndapeza mkulu wokolopa m'mawodi akusuta chingambwe. Ndamunong'oneza. Sanaseke, sanandiyang'ane n'komwe. "Za abambo ndi mawa. Khomo la kuseri, moyandikana ndi nyumba ya chisoni. Abambo Lachinayi, amayi Lachisanu. Pazenera simudutsa, mumangokhala pa benchi."

Ndafunsa ngati vuto langa ndi la pa benchi pomwepo, poti ine sindinatenge matenda kulikonse.

"Chilichonse cha pakati pa mchombo ndi mawondo ndi cha Lachinayi."

Moyandikana ndi nyumba ya chisoni! Amene anajambula chipatala chimenechi anali munthu wodziwa zinthu.

Masiku anayi. Palibe zenera, palibe kukuwa. Mawa zitheka.

Lachinayi, 25 Okutobala

Benchi lake ndi lalitali, pansi pa mtengo wa mango. Mbali imeneyo kulibe mpanda. Layang'ana msewu umene ogula nsomba onse a kunyanja amakankhamo njinga popita kumsika. Wojambula chipatala uja, kachiwiri.

Pa benchi: madalaivala awiri a malole, asodzi atatu, ndi mkulu wina wa jekete amene wabisa nkhope m'nyuzipepala yozondoka. Onse akhala motalikitsa mawondo. Mmodzi mwa asodziwo ndi Bwanali, amene amayezetsa usipa pa sikelo yanga.

"Akalaliki! Inunso? Ife timati mumangogwira pensulo!"

Andisunthira, andipatsa malo apakati ngati mlendo wolemekezeka. Dalaivala wina akundilangiza kuti jakisoni ndisankhe thako la kumanzere, la kumanja ndi la buleki.

Odutsa mumsewu amene andiona:
a Jafali. Aimitsa njinga, agwira pakamwa, kenako andiombera m'manja mopanda phokoso;
mlamu wanga Elina, mng'ono wake wa Nankhoma, dengu la matemba pamutu. Mutu wacheuka, dengu osacheuka;
Mayi Chisale. Munthu ameneyu amagona pachipatala pano?

Ndalowa cha m'ma teni. Adokotala, kunena zoona ndi medikala asisitanti, bambo wa imvi, wotopa, nsapato zafumbi. Ndanena mawu anga aja. Sanaseke. Kupatula wokolopa uja, munthu woyamba m'miyezi isanu ndi iwiri kumva nkhaniyi osapinda mlomo.

Mafunso awo ndi achilendo. Ludzu? Inde. Kutaya madzi pafupipafupi? Inde. Kutopa, kuonda? Lamba ndaboola kawiri. "Nanga pomwe mwataya madzi, nyerere zimasonkhana?" Zimasonkhana! Ine ndimangoti nyerere za kunyanja ndi zamwano.

"Bambo, ine ndikuganizira matenda a shuga. Amafoola mitsempha, ndi ya kumeneko yomwe. Kuno choyezera chathu chilibe mankhwala ake. Mukayezetse magazi ku Lilongwe. Pakadali pano siyani shuga m'tiyi."

Matenda a dzina! Matenda a anthu a maofesi! Ndikanatha kuwapsompsona nsapato zafumbizo. Ndapempha pepala.

Atsegula kaundula. Kalata ya ku Lilongwe imatuluka ndi nambala ya m'kaundula wa chipinda chino. Kaundulayo ali ndi mizere itatu: chindoko, chinzonono, mabomu.

"Mzere wanu mulibe. Anthu otere sabwera kuno, ndiye osindikiza mabuku sanawaganizire. Ndipo aliyense wolowa m'buku lino amabayidwa jakisoni ndi kutenga kapepala ka amayi. Oyendera akabwera amawerenga mayina, mabotolo ndi timapepala. Zikasiyana amati ndikugulitsa mankhwala a boma. Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, bambo."

Ndati ine sindinayendepo.

"Ndikudziwa. Amayi abwere mawa ndi kapepalako, nambala itsekedwe. Ndidzawafotokozera ndekha, pakamwa panga, ndi kuwapatsa kalata yanu. Sankhani mzere."

Ndasankha chinzonono. Pa atatuwo chikumveka chaching'ono.

Jakisoni wake ndi wa ng'ombe. Kumanzere.

Kapepalako ndi kachikasu, kofanana ndi tikiti ya sitima. Kalembedwa kuti mnzako wogona naye wapezeka ndi matenda, bwera kuchipatala msanga. Pansi pake chidindo chachikulu, chofiirira, chooneka bwino. Chidindo chimene ndachifuna sabata yonse.

Pobwerera ndapalasa chiimirire maola awiri. Ana a m'njira akuganiza kuti ndi mpikisano.

Pulani yatsopano: mawa m'mawa, tikamwa tiyi, ndimukhazika pansi Nankhoma. Ndiyamba ndi nyerere, ndibwere pa shuga, kenako mizere itatu, kapepala kumapeto. Dongosolo ndilo lofunika. Kapepala kakatsogola, zonse zagwa.

Tiyi, masupuni atatu. Ndamwa. Kukana kukanafuna kufotokoza, ndipo kufotokoza ndi mawa.

Malaya ndakoleka pa msomali.

Lachisanu, 26 Okutobala

Pa msomali palibe malaya.

Nankhoma analawirira kukachapa kunyanja. Anapisa m'matumba. M'matumba onse, monga ndinalamulira Lachiwiri ndi mawu okweza. Zaka khumi ndi zinayi ndikupereka malamulo m'nyumba muno, lomwe latsatidwa ndi limeneli.

Malaya ndawapeza pamchenga, osachapa, mwala uli pamwamba. Amayi ochapa anzake aleka kupuntha zovala pondiona. Mmodzi: "Apita kuchipatala ndi a Elina. Wapansi." Wina, chapansipansi koma mofuna ndimve: "Kapepala kaja sikasowa kuwerenga, mtundu wake umanena wokha."

Palibe kanthu. Adokotala akawafotokozera. Mwinanso kuli bwino, mawu a munthu wa jekete loyera amalemera kuposa anga. Madzulo abwera ndi kalata, mwina akuseka.

Kuntchito. Abwana, amene sabata yonse akhala akundiwerengera masiku, lero andibweretsera thumba lopinda kuti ndikhalire. "Malungo a mtundu umenewo amafuna pofewa." Aphinya diso. Chiyambire ntchito pano sanandiphinyirepo diso.

Asodzi pa sikelo sakutsutsa makilo lero. Bwanali akundiitana achimwene.

Fili koloko. Nankhoma akudutsa kumtunda kwa depoti, Elina pambali, akutsimphina kumanzere. Sanayang'ane kuno. Ndathamanga, ngati uku tingakutche kuthamanga, anthu awiri otsimphina mbali imodzi, wina pambuyo pa mnzake.

Elina ndiye wandifotokozera. Adokotala a imvi kulibe. Anawatenga m'mawa pa lole, akuluakulu onse a chipatala, kukakonzekera zolandira mlendo wamkulu uja. Pa chipinda panali nesi wachitsikana amene sadziwa za kalata iliyonse. Anabaya jakisoni. Anafunsa pamaso pa amayi onse a pa benchi kuti kodi amuna anu amayenda ndi angati. Analangiza kuti mkazi azidzisamalira kuti bambo asamayang'ane kunja. Kapepala anakadinda kachiwiri n'kukabweza.

"Alamu, zidindo ziwiri. Kali kwa atsibweni."

Nankhoma wapitirira kunyumba kwa amayi ake, ana atengedwa. Chigubu cha shuga chili pa shelefu pomwe chimakhala. Ketulo yozizira.

Wabayidwa jakisoni wa ng'ombe chifukwa cha matenda omwe palibe amene ali nawo. Wayenda wapansi maola asanu ndi limodzi. Ichi sindikuchipezera nthabwala.

Masiku awiri.

Loweruka, 27 Okutobala

Ndatchuka.

Akazi amene mudzi wandipatsa pofika masana:
mayi wa lesitilanti ya pa siteshoni ku Salima. Ndinadyamo kamodzi, nyemba;
mphunzitsi watsopano wa pasukulu. Sindinamuonepo, akuti ndi wamtali;
mkazi wa msodzi wina wa tsidya la dambo, amene mwamuna wake akuti wayamba kunola chikwanje poyera;
onse atatu.

A Jafali ayala gondolosi pa thumba pafupi ndi sikelo yanga. "Wallahi, muzu womwewu! Akalaliki anabwera kwa ine atagona ngati chingwe. Lero boma lachita kuwaletsa ndi jakisoni!" Pofika teni koloko watha yense. Andisiyira kamtolo kaulere, ati ndi zikomo.

Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuyenda chozyolika kuopa kuti anthu adziwa. Lero amuna akundivulira zipewa chifukwa cha chinthu chimene sindingathe ngakhale atandilipira.

Nankhoma ndamupeza pa thandala akutembenuza usipa. Sanaleke kutembenuza.

"Miyezi isanu ndi iwiri, a bambo a Dalitso. Ndinkakumverani chisoni. Ndinkasinja mtedza wa m'phala lanu, ndikumati bambowa adwala, asachite manyazi. Kwa atsibweni ndinapita kuti akuthandizeni, osati akuchotseni. Kani munkangofika kuno mutatopa."

Ndayamba dongosolo langa lija. Nyerere. Shuga. Mizere itatu. Ana asanu ndi mmodzi a adokotala. Pamene ndikulankhula ndikudzimva ndekha mmene zikumvekera.

"Nyerere."

Inde, nyerere.

"Ndiye boma lakulemberani chinzonono chifukwa cha nyerere. Kalata ya shugayo ili kuti?"

Ili m'mutu mwa munthu amene ali pa lole.

"Kapepala ine ndakaona, ndipo ndikukamva pano pomwe ndikakhala pansi." Watola lichero, wapita.

Kuti akuthandizeni, osati akuchotseni. Ndikanamuuza Lolemba kumene ndikupita, tikanakwera njinga imodzi. Fomu 4!

Achimwene a Lyson, ankhoswe anga, afika madzulo kuchokera ku Chitala, fumbi mpaka m'mawondo. Nkhani aimva kale pa depoti ya basi. Ndawauza zoona zake zonse. Amvetsera, akanda chibwano, ayang'ana malata.

"Mphwanga, zoonazo usunge. Mlandu wa chigololo ndi mbuzi. Mlandu winawo ndi katundu pamutu. Ndipo kwathu chipinda chako muli fodya."

Ndati koma ndi bodza.

"Bodza la chidindo."

Ndaganiza: mawa ndinena zoona. Munthu wophunzira sangavomere tchimo losachita pamaso pa ana ake ndi mkazi wake. Ndiimirira, ndinena kuti pepalalo lalakwika, ndifotokoza za kaundula. Zikavuta zivute.

Tsiku limodzi.

Lamulungu, 28 Okutobala

Kutchalitchi ulaliki wa lamulo lachisanu ndi chiwiri. Abusa sakuyang'ana kwa ine, mpingo wonse ukuwayang'anira. Mayi Chisale akuimba mokweza kuposa kale.

Pakhonde pa a Kachiwaya. Iwo pampando wa ndalema, a Lyson pa mtondo, Nankhoma ndi amayi ake pamkeka, ine pa njerwa, thako limodzi. Kapepala kachikasu kali pa kampando pakati pathu, kamwala pamwamba. Pansi pa mtengo, chapatali pang'ono, anyamata awiri a malaya ofiira akudikira apampando awo, akuti za makhadi.

Ndaimirira monga ndinalonjezera. "Pepalalo lalakwika."

A Kachiwaya achotsa kamwala, akweza kapepala ndi manja awiri. "Bwerezani pang'onopang'ono, akamwini, onse amve. Mukuti chipatala cha boma, ndi chidindo cha boma, kawiri, chalemba bodza?"

Pansi pa mtengo aleka kucheza. Phazi la a Lyson lili pa phazi langa, ndi thupi lawo lonse. Ndaona galimoto ija yopita kokha. Ndaonanso adokotala a imvi akukwezedwa limodzi nane, ana asanu ndi mmodzi atandanda pamsewu wa miyala yoyera.

"Iyayi. Wolakwa ndine."

Khonde lonse lapuma.

Afuna dzina la mkaziyo. Ndakumbukira chikwanje cha tsidya la dambo. Ndati ndi wa pa sitima, wopita kumwera, dzina sindinafunse. Afunsa kangati. Ndati kamodzi. A Kachiwaya: "Kamodzi sikazizitsa nyumba miyezi isanu ndi iwiri." Ndati kangapo. Sitima imeneyo sindinaikwerepo chiyambire chaka chino.

Kenako nkhope yawo yamasuka, mpaka andigwira paphewa. "Ife timaopa kuti mwagwa mumpapaya, akamwini. Imeneyo ikanakhala nkhani ina, tikanakuperekezani lero lomwe. Koma izi ndi za amuna. Zimachitika."

Chigamulo:
mbuzi imodzi, yopepesera. Asankha tonde, yekhayo pakhomo pathu amene ntchito imamuyendera;
Nankhoma akhululuke, banja ndi kupirira;
sitima ndiisiye;
tidikire masabata awiri jakisoni agwire ntchito, kenako m'nyumba mufunde monga kale. Pakapanda kufunda, tidzakhalanso pakhonde pomwepa.

Nankhoma sanayang'ane kwa ine ngakhale kamodzi. Atamufunsa ngati wamva, wati wamva.

A Lyson abwerera okondwa, ati mlandu tawina. Tonde wapita akukoka chingwe, akulira mudzi wonse.

Nyumba ndi yanga, kwa masabata awiri. Ana abwerera. Mwini ntchito adakali pa tchuthi. Ludzu lilipo, nyerere zilipo. Kalata ya ku Lilongwe ili pa benchi la Lachinayi, moyang'ana msewu, ndipo ndikaonekanso pamenepo a Kachiwaya adzafuna mbuzi ina. Zatsala ziwiri.

Sabata yatha mkazi wanga ankandimvera chisoni, ine n'kumadana nacho chisonicho. Lero ndikuchifuna, kulibe.

Folo koloko wabweretsa tiyi. Waika kapu patebulo osagwada. Chigubu cha shuga wachichotsa pa shelefu, wakachitsekera m'sutikesi yake, kiyi wamanga pa nsonga ya chitenje, ine ndikuona. Waima pakhomo kudikira kuti ndidandaule.

Ndalawa. Wowawa ngati khungwa.

Zipata ziwiri, mizere itatu, jakisoni, zidindo ziwiri, tonde. Mankhwala a matenda anga enieni ndalandira lero, m'kapu, kuchokera kwa munthu amene akuganiza kuti akundilanga.

Ndamwa wonse.